Fangasi wopanga tizitsulo: musafulumire kuomba m'manja

Inu mumadziwa chuku ngati mdani wa chimanga ndi mtedza. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, asayansi a ku National Chemical Laboratory mumzinda wa Pune ku India adaonetsa ntchito ina ya fangasi. Adaika Fusarium oxysporum m'madzi osungunuliramo michere ya zitsulo, ndipo mapulotini amene fangasiyo amatulutsa adasandutsa micherewo kukhala tinthu ta titanium dioxide, zirconia ndi iron oxide. Tinthu totere sitiposa mananomita 100, pamene tsitsi limodzi la pamutu panu ndi lonenepa pafupifupi mananomita 80,000.

Chokoma n'chakuti zonsezi zimachitika popanda ng'anjo yamoto kapena makemikolo aukali amene mafakitale amadalira. Pamenepa ife tikuvomereza.

Komabe mukaona pabotolo mawu akuti "chosawononga chilengedwe", dziwani kuti akunena za kapangidwe kokha. Titanium dioxide ndi yemweyo, kaya wachokera m'ng'anjo kaya kwa fangasi, ndipo European Union idaletsa kumuthira m'zakudya mu 2022 akatswiri atalephera kutsimikiza kuti sawononga majini.

Fangasiyo nayenso si wamasewera. Mitundu ina ya Fusarium oxysporum ndiyo imafotetsa nthochi ndi tomato, ndipo mtundu woopsa wa TR4 udapezeka m'minda ya nthochi ku Nampula ku Mozambique mu 2013. Aliyense wofuna kuyesa njirayi kuno afotokoze kaye komwe azikataya madzi otsalawo.