Ndani Amasankha, Munthu Kapena Ubongo Wake?

Pabwalo la milandu, kaya kwa amfumu pansi pa kachere kaya kukhoti, pali mawu amene sasowa pakamwa pa wolakwa. Wina amati, "Sindikudziwa chimene chinandilowa." Wina amati, "Mutu sunkagwira." Wina amakankhira Satana, wina mowa, wina umphawi. Omvera mlandu amagawikana. Ena amati munthuyo akuzemba, popeza palibe anamugwira dzanja. Ena amati mwina akunena zoona, pakuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Pansi pa kugawikanaku pali funso lakale kwambiri: munthu akachita chinthu, kodi akanatha kuchita mwina? Ngati akanatha, mlandu ndi wake. Ngati sakanatha, chilango chimene akulandira chikusowa poimira.

Kwa zaka zambiri funsoli linali la afilosofi ndi atsogoleri a chipembedzo. Linalowa m'manja mwa asayansi mu 1983, pamene Benjamin Libet wa ku yunivesite ya California ku San Francisco anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake. Iye ankakhazika munthu pampando, n'kumumata timawaya pamutu toyezera mphamvu ya magetsi ya mu ubongo, kenako n'kumuuza kuti agwedeze chala kapena dzanja nthawi iliyonse imene wafuna. Patsogolo pa munthuyo panali kadontho kozungulira mofulumira ngati muvi wa wotchi, ndipo iye ankayenera kunena pamene kadonthoko kanali panthawi imene anamva mumtima kuti wafuna kugwedeza. Libet anapeza kuti ubongo unkayamba kukonzekera patatsala mamilisekondi pafupifupi 550, kapena kuti theka la sekondi n'kachidutswa, kuti dzanja ligwedezeke. Koma munthuyo ankazindikira kufuna kwake patatsala mamilisekondi pafupifupi 200 okha. Zinaoneka ngati ubongo umanyamuka kaye, mwiniwake n'kumva pambuyo.

Amene amakana kuti munthu ali ndi ufulu wosankha amayambira pamenepa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati chilichonse chochitika m'chilengedwe chili ndi chochiyambitsa. Mvula simagwa popanda mitambo, mbewu simera popanda chinyezi, ndipo ubongo ndi mnofu womvera malamulo omwewo amene mitambo ndi mbewu zimamvera. Katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, analemba mu 1814 kuti nzeru imene ingadziwe malo ndi mphamvu za kanthu kalikonse m'chilengedwe ingathe kuona za mawa monga ikuonera za dzulo. Ngati zili choncho, maganizo a lero ndi ana a zochitika za dzulo, ndipo zadzulozo zinabadwa kwa zadzana, mpaka kufika nthawi imene munthuyo anali asanabadwe. Mu 2008 gulu la John-Dylan Haynes ku Germany linaonjezera umboni. Pogwiritsa ntchito makina ojambula ubongo, linkatha kulosera ngati munthu adina batani lakumanja kapena lakumanzere masekondi angapo iye asanadziwe chimene wasankha.

Umboni wina wolemera ndi wochokera kuchipatala. M'chaka cha 2000, mphunzitsi wina wa zaka 40 ku Virginia, m'dziko la America, amene anali asanapalamulepo mlandu wotere, anayamba kukhala ndi chilakolako chonyansa pa ana, mpaka khoti linamupeza wolakwa. Usiku woti mawa lake akalandire chilango anapita kuchipatala akudandaula mutu, ndipo madokotala anapeza chotupa chachikulu kutsogolo kwa ubongo, pamwamba pa diso lakumanja, dera lothandiza munthu kudziletsa. Atachichotsa, chilakolakocho chinatha. Patapita miyezi chinayambiranso, ndipo atamujambula anapeza kuti chotupa chameranso. Atachichotsa kachiwiri, khalidwelo linathanso. Madokotala Jeffrey Burns ndi Russell Swerdlow anafalitsa nkhaniyi mu 2003. Okana ufulu amafunsa kuti: ngati chotupa chooneka pamakina chimachepetsa mlandu wa munthu, nanga bwanji zinthu zosaoneka pamakina, monga njala ya paubwana, nkhanza za pakhomo, ndi chibadwa chochokera kwa makolo? Palibe anasankha mimba yobadwiramo. Robert Sapolsky wa ku yunivesite ya Stanford, m'buku lake la 2023 lotchedwa Determined, anafika pomaliza penipeni pa ganizoli: palibe woyenera kudedwa chifukwa cha zoipa zake, ndipo palibenso woyenera kudzitama chifukwa cha zabwino zake.

Ganizoli lili ndi chifundo mkati mwake, ndipo lapulumutsapo miyoyo. Mu 1924 ku Chicago, loya Clarence Darrow anaimira anyamata awiri, Nathan Leopold ndi Richard Loeb, amene anapha mwana wa zaka 14. Darrow sanakane kuti anaphadi. Anachonderera woweruza kuti aone mmene chibadwa ndi kaleredwe zinawaumbira, ndipo anyamatawo anapatsidwa ukaidi wa moyo wonse m'malo monyongedwa. Kale anthu odwala khunyu ankaonedwa ngati ogwidwa ndi ziwanda, ndipo ambiri anazunzika. Pamene chiyambi cha matendawa chinadziwika, kunyoza kunayamba kusanduka kusamalira. Okana ufulu amakhulupirira kuti tsiku lina mibadwo idzaona kulanga kwa masiku ano monga ife tikuonera kuzunza odwala khunyu.

Komabe mbali inayi nayo ili ndi mayankho ake, ndipo yankho loyamba likukhudza umboni womwewo. Kugwedeza chala popanda chifukwa sikufanana ndi kusankha mkazi, kusiya ntchito, kapena kukana chiphuphu. Mu 2012 Aaron Schurger ndi anzake anasonyeza kuti chimene Libet ankachiyesa kukonzekera chingakhale kuwinduka wamba kwa mphamvu za mu ubongo, kokwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja. Munthu akauzidwa kuti agwedeze chala nthawi iliyonse, amagwedeza pamene funde lina lakwera kupitirira malire, ndipo ukaphatikiza maulendo ambiri n'kuyang'ana chambuyo, zimaoneka ngati panali chikonzero pamene panalibe. Makina a Haynes nawo ankalosera molondola maulendo pafupifupi 60 pa 100 alionse, pamene wongoponya ndalama m'mwamba amalondola maulendo 50. Mu 2019 Uri Maoz ndi anzake anapempha anthu kusankha bungwe lachifundo loti lilandire madola 1,000 enieni, ndipo pa zosankha zolingalira bwino zoterezi chizindikiro cha Libet chinali chochepa kwambiri kapena sichinaoneke n'komwe. Libet mwiniwake sanakane ufulu. Ankati m'kanthawi kotsalako munthu angathe kuletsa chimene ubongo wayamba.

Yankho lachiwiri likukhudza tanthauzo la mawu. Kunena kuti "ubongo wasankha, osati munthu" kuli ngati kunena kuti miyendo ndiyo yapita kumsika, mwiniwake watsala kunyumba. Ubongo si mlendo m'thupi. David Hume wa ku Scotland, polemba mu 1748, anati ufulu sutanthauza kuchita zinthu popanda choyambitsa, koma kuchita monga wafunira popanda kumangidwa. Chochita chopanda choyambitsa chingakhale ngozi chabe, ndipo ngozi sipatsa munthu ulemu kapena mlandu. Daniel Dennett, amene anamwalira mu 2024, anakulitsa mfundoyi ponena kuti ufulu wofunika ndi luso: kutha kuona zotsatira zisanachitike, kumva zifukwa, kuyeza, ndi kusintha njira. Mwala ukagubuduzika paphiri sungauzidwe kuti pansipo pali ana. Woyendetsa minibasi angauzidwe, ndipo angaponde mabuleki. Onse awiri amamvera malamulo a chilengedwe, koma kusiyana kwawo n'kwenikweni. Poyang'ana motere, nkhani ya mphunzitsi wa ku Virginia ikuchitira umboni mbali inonso. Chotupa chinawononga luso lodziletsa, ndipo chitachoka lusolo linabwerera. Chinthu chimene chingathe kuwonongeka n'kubwereranso ndiye kuti chilipo.

Yankho lachitatu ndi la moyo wa anthu pamodzi. Peter Strawson wa ku Oxford anakumbutsa mu 1962 kuti kuthokoza, kukwiya, kukhululuka ndi kuchita manyazi sizidikira chilolezo cha afilosofi. Ndiwo ulusi wosokera ubale. Munthu akakupondani mwangozi m'basi, mtima umagwa msanga. Akakupondani dala, ululu ndi womwewo koma nkhani ndi ina. Kuleka kuimba munthu mlandu kumaoneka ngati chifundo, koma kungakhalenso kumuchotsa pagulu la anthu oyankhulana nawo n'kumuika pagulu la zinthu zongokonzedwa. Chilangizo cha kuchinamwali, uphungu wa ankhoswe, ndi mwambi woti wakutsina khutu ndi mnansi, zonsezi zimaimira pa chikhulupiriro choti mawu angalowe m'khutu n'kusintha mapazi. Akuluakulu akamati uyu alibe umunthu, sanena za matenda. Amanena za munthu amene anauzidwa, anamva, koma sanasamale.

Poyeza zotsatira, mbali iliyonse ili ndi dzenje lake. Dziko limene lingataye konse ganizo la mlandu silingasiye kutsekera anthu oopsa, koma lingawatsekere monga amatsekera wodwala matenda opatsirana, osayang'ana kukula kwa chimene walakwa koma kuopsa kumene akuganiziridwa. Pamenepo munthu angasungidwe nthawi yopanda malire, mwinanso asanalakwe kanthu, popeza muyeso woti chilango chilingane ndi cholakwa wachoka. Komanso mawu oti "sindikanachitira mwina" amakoma kwambiri m'kamwa mwa amphamvu. Wakuba mankhwala a m'chipatala cha boma angawalankhule mosavuta kuposa wakuba chinangwa m'munda.

Kumbali ina, dziko lokhulupirira kuti aliyense ali ndi ufulu wofanana ndi wathunthu limagwera m'dzenje la nkhanza. Limaona wosauka ngati waulesi, chidakwa ngati wopusa, wodwala maganizo ngati wonamizira. Limaiwala kuti mwana wokulira m'njala ndi mwana wokulira m'mwanaalirenji safika pamphambano imodzi ndi mphamvu zofanana. Gulu la anthu likagwira woganiziridwa kuba n'kumuotcha, limakhala lotsimikiza kotheratu kuti iye anasankha yekha, ndipo silifunsa kanthu za kumene wachokera. Kutsimikiza kotereku kwapha anthu ambiri kuposa kukayika.

Malamulo a mayiko ambiri, ngakhale sanathetse mkangano wa afilosofi, anapeza njira yoyenda pakati. Kuyambira pa mlandu wa Daniel M'Naghten ku England mu 1843, makhoti otsata malamulo a Chingerezi amavomereza kuti munthu amene matenda a maganizo anamulepheretsa kudziwa chimene akuchita, kapena kudziwa kuti n'cholakwa, saweruzidwa ngati wabwinobwino. Mwana wamng'ono saimbidwa mlandu ngati wamkulu. Kuno ku Malawi, Khoti Lalikulu linagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulochi sichinanene kuti akupha alibe mlandu. Chinanena kuti woweruza ayenera kumva za munthuyo ndi mmene zinthu zinalili asanapereke chilango. Akaidi ambiri atamvedwanso m'zaka zotsatira, makhoti anaganizira msinkhu wawo, thanzi la maganizo awo ndi moyo umene anakuliramo, ndipo ochuluka analandira zilango zocheperapo kapena kumasulidwa.

Zonse zikaikidwa pasikelo, zikuoneka kuti sayansi sinatsimikize kuti ufulu wosankha kulibe. Kafukufuku wa Libet ananena zochepa kuposa zimene anthu anamunenera. Koma sayansi yagwetsadi ganizo loti mkati mwa munthu muli kamfumu kosakhudzidwa ndi thupi, njala, mantha kapena mbiri. Funso lakuya, loti ngati nthawi itabwezedwa m'mbuyo zonse zili chimodzimodzi munthu angasankhe mwina, likadali lotseguka, ndipo mwina lidzakhala lotseguka kwa nthawi yaitali. Chimene chingagwirike ndi chocheperapo koma chokwanira kukhalira limodzi: ufulu ndi luso lomva zifukwa ndi kudziletsa, ndipo luso limeneli limakula, limachepa, limadwala, limachira. Ena ali nalo lambiri, ena lochepa, ndipo munthu mmodzi yemweyo sakhala nalo lofanana tsiku lililonse.

Ngati zili choncho, kuimba munthu mlandu kuyenera kukhalapo, pakuti ndi njira imodzi yomulemekezera ndiponso yokulitsira luso lomwelo. Chimene chikusowa maziko ndi kubwezera kokondwera ndi ululu wa wolakwa, chifukwa palibe angaloze molimba mtima pamene zomuumba zinathera ndi pamene iye mwini anayambira. Wonena kuti "sindikudziwa chimene chinandilowa" sayenera kumasulidwa chifukwa cha mawuwo okha, komanso sayenera kutsekedwa pakamwa. Bwalo lanzeru limamufunsa mafunso awiri, chimene anachita ndi chimene chinamufikitsa pamenepo, ndipo siligamula lisanamve mayankho onse awiri.