Galimoto ilembedwe mafuta amene imamwa

Anthuni, lero ndilankhulepo za ma Hilux ndi ma Land Cruiser amene timachita hayala kuno kumudzi. Ine ndikuti galimoto iliyonse yoyenda m'matope muno ilembedwe poyera, pambali pa potsirira mafuta: DIZILO kapena PETULO. Eni ake ena akuti kutero n'kunyansitsa galimoto. Imvani kaye zomwe zinatigwera.

Mu Januwale tinasonkherana anthu anayi kuchita hayala pikapu yokatenga feteleza wathu wobereketsa. Pobwerera, titangooloka dambo, mafuta anatha. Dalaivala anatuma mphwanga pa kabaza kuti akagule kwa mavenda, iye n'kukwera kachitunda kukasaka netiweki yoimbira bwana wake. Anangoti "kagule mafuta". Mwana anagula omwe amawadziwa, omwe njinga zamoto zonse zimamwa. Atafika anayang'ana galimoto yonse, palibe cholembedwa, zizindikiro anazichotsa popenta. Pofuna kuthandiza, anatsira petulo m'thanki ya dizilo.

Galimoto inalira, kuyenda pang'ono, kenako zii. Mvula inatipeza pomwepo, lona yake inali yobooka, ndipo Urea mukumudziwa, akalowa madzi amasungunuka ngati mchere. Matumba atatu anapita. Chimanga changa chinadikira feteleza mpaka masamba kuchita chikasu.

Makaniko anatilongosolera kuti dizilo ndi woterera, amafewetsa zitsulo za pampu ndi mainjekita pamene akudutsa. Petulo ndi wouma, ndiye zitsulo zimangokhulana mpaka kudyana. Bilu yake tinakangana nayo mpaka kwa amfumu.

Wina anena kuti, "Kodi si zinalembedwa kale, D-4D?" Inde, D-4D ndi dzina lomwe Toyota imaika pa injini zake za dizilo. Koma mwana wa kuno alidziwira kuti? Nanga V8 uja mumanyadira naye? Amangotanthauza masilinda 8 basi. Land Cruiser V8 ilipo ya dizilo, ilipo ya petulo. Chizindikiro chotero chimauza anthu kuti mwini ndi wa ndalama, koma wonyamula chigubu sichimuthandiza kanthu.

Ena akuti kulemba DIZILO n'kuitana akuba mafuta. Zoona? Wakuba amatsegula thanki n'kununkhiza. Amene amasokonezeka ndi munthu wabwino wofuna kukuthandizani.

Enanso akuti cholakwa n'cha dalaivala amene sananene bwino. Sindikukana. Koma kumudzi galimoto siikhala m'manja mwa munthu mmodzi. Lero ayendetsa mwini, mawa mlamu wake, pa maliro aliyense amene ali ndi laisensi. Mafuta akasowa pa filling station, monga taonera zaka zino, timadalira zigubu ndi fanulo, nthawi zina usiku ndi tochi ya foni. Pakamwa pamaiwala. Penti saiwala.

Ndipo inu omata "4x4" pa galimoto yokoka ndi matayala awiri okha, lekani. Timakukhulupirirani, n'kukakutumani kudambo ndi wodwala kumbuyo, n'kutitimira naye komweko. Ngati mukulemba, lembani zoona.

Ine ndatsimikiza mtima. Chaka chino potuta soya, galimoto yosalembedwa mafuta ake siilowa m'munda mwanga. Kabotolo ka penti n'kotchipa kuposa thumba limodzi la Urea, ndipo burashi ndibwereketsa ndine.