Kapinga sathawa, dikirani mvula

Okutobala uno ku Kafue kwabuka fashoni. Munthu akangomaliza kumanga mpanda, mawa lake kanta yafika ndi zidutswa za kapinga, anyamata ayala pabwalo ngati kapeti, madzulo chithunzi chili kale pa Facebook. Ife tikuti uku n'kutaya ndalama, ndiponso n'kusaganizira anzathu.

Kapinga timamufuna, tisanamizane. Amene amakhala kufupi ndi mafakitale, cha ku NCZ ndi ku fakitale ya zitsulo ija, amadziwa mmene fumbi la mathiraki limalowera mpaka m'mapoto. Bwalo la udzu limagwira fumbilo. Chomwe tikukana ndi nthawi yake.

Chidutswa chongoyalidwa kumene chilibe mizu m'nthaka, fosholo idaidula pokumba. Kuti mizu igwire pamatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo masiku onsewo dothi lisaume: kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo. Pa dzuwa lopitirira madigiri 30, mukaphonya masiku awiri, m'mphepete mwa zidutswa mwayamba kale kufota. Nanga madziwo achokera kuti? M'mapaipi omwewo amene amayi a ku Zambia Compound ndi Soloboni amawadikirira ndi zigubu. Inu a chitsime cha pampu musanyade, malaiti akapita pampu imagona. Taiwala kale 2024, pamene chilala chidalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse, malaiti n'kumabwera maola ochepa patsiku?

Ena akuti mtsinje uli pompa. Inde ulipo, koma kuyandikana ndi mtsinje sikudzaza ndowa. Madzi ambiri otsukidwa pa Iolanda amapopedwa kupita ku Lusaka, ndipo mwana wa ku Kafue aliyense amadziwa zimenezi.

Mvula ikakhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ntchito yothirira imagwiridwa ulere. Limani dothi, chotsani miyala ndi zigumu za simenti zimene omanga adasiya, sakanizani manyowa a nkhuku owola bwino, salazani. Yalani zidutswa mogundana ngati njerwa, muzipondereze kuti pansi pasatsale mpata. Ngati m'thumba mwauma, pemphani timphukira kwa aneba, mubzale motalikirana chikhatho chimodzi. Kapinga amayanga yekha, mvula isanathe dothi silionekanso.

Ndipo akafiira mu Julaye, musathamangire hosi. Sanafe ameneyo, mvula yoyamba ikagwa aphukanso.