Sikelo ya Utsi: Chinyengo cha Opanga Magalimoto ndi Msonkho Umene Tikulipira Kunyanja

Alimi a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Bua amadziwa kuti thukuta la chaka chonse limakathera pa sikelo ya wogula. Sikeloyo ikakhala yobera, ngakhale mtengo ukhale wabwino chotani, mlimi wadyeredwa kale masuku pamutu. Nkhani ya utsi wa magalimoto ndi ya sikelo yotere, kungoti amene anapezeka akubera ndi makampani akuluakulu a ku Germany ndi ku Japan, ndipo magalimoto a makampaniwa ndi amene tikukwera tsiku ndi tsiku pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kudutsa pa Boma mpaka ku Dwangwa.

Pa 18 Sepitembala 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linalengeza kuti kampani ya Volkswagen inaika pulogalamu yachinyengo mu kompyuta ya magalimoto ake oyendera dizilo. Pulogalamuyo inkatha kuzindikira kuti galimoto ili m'chipinda choyesera, popeza mateyala ankazungulira koma chiwongolero chili chilili. Ikazindikira motero inkatsegula zida zonse zosefa utsi, galimoto n'kukhoza mayeso. Ikangobwerera pa msewu zidazo zinkafooketsedwa, ndipo mpweya woipa wa nitrogen oxide, umene umawononga mapapo, unkatuluka mpaka kuwirikiza ka 40 kuposa mlingo wololedwa. Chinyengochi sichinagwidwe ndi oyesa a boma. Anachitulukira ndi ofufuza ochepa a pa yunivesite ya West Virginia amene mu 2013 anamangirira makina oyesera kumbuyo kwa magalimoto n'kuwayendetsa pa misewu wamba.

Kampaniyo inavomera kuti magalimoto okwana 11 miliyoni pa dziko lonse anali ndi pulogalamuyo. Mkulu wake, a Martin Winterkorn, anatula pansi udindo patangopita masiku asanu. Mu 2016 Volkswagen inagwirizana zolipira madola 14.7 biliyoni ku America, gawo lalikulu lobwezera eni magalimoto, ndipo mu 2017 inavomera mlandu ku khoti. Mmodzi mwa akuluakulu ake, a Oliver Schmidt, analamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri. Zonse pamodzi nkhaniyi yadyera kampaniyo ndalama zoposa mayuro 30 biliyoni.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za azungu, chifukwa magalimoto ambiri m'dziko muno ndi ochokera ku Japan. Koma nakonso ku Japan sikelo zinapezeka zobera. Mu 2016 kampani ya Mitsubishi inavomera kuti inanama za kamwedwe ka mafuta ka magalimoto ang'onoang'ono 625,000, ndi kuti kwa zaka 25 inkayesa magalimoto m'njira yosaloledwa. Mu 2022 kampani ya Hino, yopanga malole ndi mabasi, inavomera kuti ziwerengero zake za utsi zinali zabodza kuyambira mu 2003, ndipo mu Januwale 2025 inagwirizana zolipira madola oposa 1.6 biliyoni ku America. Mu Disembala 2023 Daihatsu, imene imapanga timagalimoto ta Mira, inaimitsa kugulitsa magalimoto ake onse chifukwa cha chinyengo pa mayeso a chitetezo. Mu Juni 2024 mkulu wa Toyota, a Akio Toyoda, anapepesa poyera chifukwa cha mayeso osalongosoka pa mitundu isanu ndi iwiri ya magalimoto, ndipo pa mndandandawo panalinso mtundu wina wakale wa Sienta. Dzina limeneli palibe wa ku Nkhotakota amene salidziwa, pakuti Sienta ndiyo yatenga malo a minibasi m'misewu yathu yambiri.

Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi msonkho? Maiko ambiri olemera amawerengera msonkho wa galimoto potengera nambala imene wopanga walemba pa chikalata. Ku Britain kuyambira mu 2001, ku Germany kuyambira mu 2009, ndi ku South Africa kuyambira mu 2010, msonkho wa galimoto umadalira kuchuluka kwa mpweya wa carbon dioxide umene galimotoyo akuti imatulutsa pa kilomita imodzi. Cholinga chake n'chabwino: woipitsa kwambiri alipire kwambiri. Koma bungwe lofufuza la ICCT, lomwelo limene linatuma ofufuza a ku West Virginia, linapeza kuti ku Ulaya kusiyana kwa nambala ya pa chikalata ndi utsi weniweni wa pa msewu kunakula kuchoka pa 9 peresenti mu 2001 kufika pafupifupi 40 peresenti pofika mu 2015. Tanthauzo lake n'lakuti amene ankagula galimoto yatsopano ankachotseredwa msonkho chifukwa cha ukhondo wa pa pepala, pamene woyendetsa galimoto yakale ankalipira mokwanira. Ku Japan nako magalimoto a Mitsubishi aja anali atalandira kale mwayi wochepetseredwa msonkho monga magalimoto osamala chilengedwe. Bodza la kampani linali kuba m'thumba la boma, ndiye kuti m'thumba la anthu onse.

Magalimoto amenewa akakalamba kwawo amabwera kwathu. Lipoti la bungwe la UNEP la mu 2020 linasonyeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo 40 peresenti mwa iwo anabwera ku Africa. Lipotilo linanenanso za magalimoto ofika atachotsedwa kale zida zosefa utsi, chifukwa m'zidazo muli zitsulo zamtengo wapatali. Choncho galimoto yotsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa chipata cha Songwe ili ndi chikalata chimene mwina chinali chabodza ili yatsopano, ndipo tsopano yayenda zaka khumi kapena kuposerapo.

Dziko lathu silidalira nambala ya wopanga, ndipo pamenepa tinachita mwayi, ngakhale kuti sitinachite kukonza. Bungwe lotolera misonkho la MRA limayang'ana mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Galimoto yopitirira zaka zisanu ndi zitatu imalipira wokwera, yopitirira zaka 12 wokwera koposa. Mu 2019 boma linayambitsanso msonkho wa utsi umene nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, analengeza mu ndondomeko ya chuma ya chaka chimenecho. Unkalipidwa kamodzi pa chaka, kuyambira K4,000 pa injini yaing'ono mpaka K15,500 pa injini yoposa 3000cc.

Msonkho umenewu unali wosavuta kutolera, koma unali ndi chilema. Kukula kwa injini sikunena kuti galimoto yayenda ulendo wautali bwanji. Mphunzitsi wopuma ntchito amene galimoto yake imatuluka kawiri pa mwezi ankalipira chimodzimodzi ndi mnzake wa injini yofanana amene amayenda Lilongwe ndi Dwangwa tsiku lililonse. Komanso mwini galimoto yamphamvu ya mamiliyoni ochuluka ankalipira ndalama yosafika kanayi poyerekeza ndi mwini kagalimoto kakang'ono, ndalama imene kwa iye sinali kanthu. Pambuyo pake msonkhowu unasamutsidwira pa mtengo wa mafuta, kuti munthu azilipira pamene akuthira.

Kunena zoona, lita ndiyo sikelo yovuta kubera. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo pafupifupi 2.7, ndipo palibe pulogalamu ya kompyuta imene ingasinthe zimenezi. Wowotcha mafuta ambiri amalipira zambiri, kaya chikalata chake chikunena zotani. Pa mbali ya mpweya umene ukutenthetsa dziko, njira imeneyi ndi yolungama kuposa ya ku Ulaya ija. Chimene siiona ndi utsi wakuda ndi nitrogen oxide, zimene zimapweteka mayi wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu ndi mwana amene ali kumsana kwake. Lole yosamalidwa bwino ndi lole yofuka ngati ng'anjo ya njerwa zimalipira chimodzimodzi pa lita.

Koma kunyanja kuno lita ili ndi vuto lina lalikulu, ndipo ndi limene liyenera kutidetsa nkhawa. Mu mtengo wa mafuta umene bungwe la MERA limalengeza muli misonkho ingapo: wokonzera misewu, wofikitsa magetsi kumidzi, ndi ina. Pampu siifunsa kuti mafutawo akupita kuti. Msodzi wa usipa amene amagula petulo m'chigubu kuti injini ya boti lake ikafike pakati pa nyanja usiku amalipira msonkho wokonzera msewu, chikhalirecho boti lake siligunda phula. Mwini chigayo cha dizilo kwa Mwansambo amalipiranso, ndipo amaubweza pa mtengo wogayitsa ndowa ya chimanga. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amalipira pa ulendo uliwonse. Onsewa saupereka okha msonkhowo. Umatsika mpaka kwa wogula mulu wa usipa, kwa mayi wopita kusikelo ya ana ku chipatala, kwa katekisiti wopita ku tchalitchi cha kutali. Munthu amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire ndiye akuthandiza kulipira msonkho wa magalimoto.

N'chimodzimodzinso ndi msonkho wokwera pa magalimoto akale. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti dziko lathu lisasanduke dzala la magalimoto otha ntchito. Koma ndani amagula galimoto ya zaka 12? Ndi amene sangathe kugula ya zaka zitatu, makamaka chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galimoto yakaleyo ndiyo imanyamula odwala, ana asukulu ndi madengu a nsomba. Msonkho wake umalowa mu mtengo wa mpando.

Tikayang'ana kumtunda kwa makwerero timapeza zosiyana. Malamulo athu amalola aphungu a Nyumba ya Malamulo, nduna ndi akuluakulu ena a boma kulowetsa magalimoto popanda kulipira msonkho, ndipo magalimoto amene amasankha nthawi zambiri ndi a injini zikuluzikulu. Ambiri a iwo amalandiranso ndalama kapena mafuta oyendera, kotero kuti ngakhale msonkho wa pa lita suwafika pakhungu. Amene amavomereza misonkho ndiwo amene misonkhoyo imawalambalala. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mwayi umenewu imangotchulidwa nthawi ya kampeni kenako n'kuzilala. Apa ndi bwino kunenanso kuti bungwe lililonse lopempha kuchotseredwa msonkho pa galimoto, ngakhale la mpingo, liyenera kudzifunsa ngati galimotoyo ikutumikiradi anthu amene adzalipire m'malo mwake.

Funso lotsala ndi la kumene ndalamazo zimapita. Msonkho wa utsi utangoyamba, mabungwe oona za chilengedwe anafunsa ngati ndalama zake zidzagwiredi ntchito yoteteza chilengedwe kapena zidzangosakanikirana ndi ndalama zina za boma. Anthu a ku Nkhotakota ali ndi chifukwa chofunsira funso lomwelo mokweza. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa ndi mitsinje ina anapha anthu, anasamutsa mabanja zikwizikwi m'dera la Mfumu Kanyenda, n'kudula msewu wa M5. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'minda. Boma limeneli ndi limene kuyambira mu 1982 lakhala likupanga ethanol ku Dwangwa wosakaniza ndi petulo wa dziko lonse. Utsi umene anthu ake amatulutsa ndi wochepa zedi, koma iwo ndiwo ali m'gulu loyamba kuvutika pamene nyengo yasokonekera. Mu kalata yake ya Laudato Si', imene inatuluka miyezi itatu nkhani ya Volkswagen isanaphulike, Papa Francis analemba za ngongole ya chilengedwe imene maiko olemera ali nayo kwa maiko osauka. Eni magalimoto a ku America anabwezeredwa ndalama zawo chifukwa anali ndi makhoti ndi makina oyesera. Ife talandira magalimoto akale pamodzi ndi utsi wake.

Sitingathe kuyesa utsi wa galimoto iliyonse monga amachitira ku Ulaya, kumene kuyambira mu 2017 magalimoto atsopano amayesedwanso pa msewu weniweni. Koma zina zili m'manja mwathu. Nthambi yoona za pamsewu, imene imapereka chiphaso cha COF, ingathe kukana lole yofuka moonekeratu ngakhale mwini wake akhale ndani. Unduna wa Zachuma ungathe kulengeza chaka ndi chaka ndalama zimene msonkho wa utsi wabweretsa, zimene wagwirira ntchito, ndi zimene boma lataya pochotsera akuluakulu msonkho wa magalimoto. Gawo la msonkho wa misewu limene asodzi amalipira lingathe kubwerera kwa iwo monga madoko, misika ya nsomba ndi misewu yotsikira kunyanja. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi athu, pamodzi ndi miphakati ya m'madoko a Chia ndi Dwangwa, angathe kuitana phungu wawo ndi kumufunsa mafunso amenewa mmodzimmodzi, kuyambira ndi lakuti galimoto imene wabwera nayo inalipira msonkho wotani pa chipata.