Fainolo ya mpira wa mayunivesite ku America: pansi pa denga kapena pamtetete?

Ku United States kuli mpira wosiyana ndi umene timaudziwa kuno. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, amathamanga nawo m'manja, ndipo osewera amavala zipewa zolimba. Mpikisano waukulu wa matimu a mayunivesite, wotchedwa College Football Playoff, umatha mu Januwale. Mwezi umenewu kuno kumakhala mvula ndi kutentha, koma kumpoto kwa America kumakhala chisanu choopsa. N'chifukwa chake chaka ndi chaka pamabuka mkangano: kodi fainolo iziseweredwa m'bwalo lofoleredwa kapena la pamtetete?

Manambala akusonyeza kumene akuluakulu a mpikisanowu anapendekera. Kuyambira fainolo yoyamba ya pa 12 Januwale 2015 ku Arlington, m'chigawo cha Texas, mpaka ya 2026 ku Miami, paseweredwa mafainolo 12. Mwa amenewa, 8 anachitikira m'mabwalo okhala ndi denga. Anayi otsalawo anali pamtetete, koma onse m'madera ofunda: atatu ku Florida, imodzi ku California. Mzinda wakumpoto umene unalandirapo fainolo ndi Indianapolis yokha, mu 2022, ndipo bwalo lake, Lucas Oil Stadium, ndi lofoleredwa.

Chimene chikulamula apa ndi ndalama. Mu Marichi 2024 kampani ya kanema ya ESPN inagwirizana zolipira madola 7.8 biliyoni kuti izionetsa mpikisanowu kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Wolipira ndalama zotere safuna kuti mphepo yamkuntho isinthe nthawi ya masewera. Komanso bwalo la fainolo limasankhidwa kudakali zaka zingapo, pamene palibe angadziwe nyengo ya tsikulo. Denga limachotsa nkhawa imeneyi kwa a kanema, kwa eni mahotela ndi kwa anthu ogula matikiti okwera mtengo. Mipikisano ya m'zigawo inayamba kale kuyenda njira yomweyi. Bungwe la SEC linachititsa mafainolo ake awiri oyamba pamtetete ku Birmingham mu 1992 ndi 1993, kenako linasamukira m'bwalo lofoleredwa ku Atlanta. La Big Ten lakhala likusewera fainolo yake ku Indianapolis kuyambira 2011.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo. Amati mpirawu unabadwira panja, ndipo kupirira mphepo ndi matope ndi mbali ya luso lake. Matimu a kumpoto monga Michigan, Ohio State ndi Penn State ali ndi mabwalo olowa anthu oposa 100,000 lililonse, kuposa mabwalo ofoleredwa a ku Atlanta ndi Indianapolis amene amalowa anthu pafupifupi 70,000. Komabe palibe limodzi mwa mabwalo akuluakuluwa limene linalandirapo fainolo. Palinso nkhani ya kapinga. Mabwalo ambiri ofoleredwa ali ndi udzu wochita kupanga, umene bungwe la osewera a ligi ya NFL limati umavulaza miyendo kuposa udzu weniweni. Nayo FIFA inalamula kuti mabwalo a ku Atlanta, Arlington ndi Inglewood aikidwe udzu weniweni pa World Cup ya 2026. Ndipo denga nalo si mankhwala a zonse: pa fainolo ya 2023 ku SoFi Stadium, bwalo lofoleredwa pamwamba koma lotseguka m'mbali, mvula yamphepo inalowa n'kunyowetsa ena mwa oonerera.

Koma dandaulo loti denga limapondereza matimu a kumpoto silikugwirizana ndi zotsatira. Ohio State inatenga chikho pansi pa denga mu 2015 ndi mu 2025. Michigan inachitenga ku Houston mu 2024, nakonso m'bwalo lofoleredwa. Amene amaluza kwenikweni ndi ochemerera, makamaka ophunzira, amene ayenera kulipira ndege ndi malo ogona kuti akaone timu yawo kutali, pamodzi ndi amalonda a m'matauni a mayunivesite amene saona phindu la masewera aakuluwo.

Njira yapakati inaoneka mu Disembala 2024, pamene mpikisanowu unakula kuchoka pa matimu anayi kufika pa 12. Masewera a ndime yoyamba anachitikira pa mabwalo a mayunivesite eniake. Ku Columbus, Ohio State inagonjetsa Tennessee usiku wozizira kutsika pansi pa madigiri 0, ndipo matimu onse anayi amene anasewera kwawo anapambana. Koma izi zinautsa funso lina. Matimu anayi amene anapatsidwa mwayi wodumpha ndime yoyamba sanasewereko kwawo ngakhale kamodzi, ndipo onse anatuluka mu ndime yotsatira, imene inaseweredwa m'mabwalo achilendo.

Choncho fainolo ikuoneka kuti ikhalabe pansi pa denga kapena m'dera lofunda. Ya 2027 ili ku Las Vegas, m'bwalo lofoleredwanso. Nkhondo imene ingapindule kanthu tsopano ndi ya ndime ya matimu 8: ngati masewera amenewa atapita ku mabwalo a mayunivesite, ochemerera wamba ndi matauni awo adzalawako gawo la ndalama zimene pakali pano zimathera m'mizinda ikuluikulu yochepa.