Musamati Anali Ongotsanzira

Pali bodza lina limene limanditopetsa, ndipo amalinena ndi anthu ooneka ngati odziwa nyimbo. Amati m'zaka za m'ma 1960, rock yeniyeni inali ku Britain ndi ku America basi, enawo a ku Holland, Germany, Sweden ndi Portugal anali ana ongotengera a Beatles ndi a Rolling Stones, tsitsi lofanana, majekete ofanana, Chingelezi chothyokathyoka. Ine ndikuti ayi. Wonena zimenezi sanamvetsere, wangowerenga mndandanda wa amene anagulitsa zimbale zambiri n'kuyesa kuti imeneyo ndiye mbiri.

Tiyambe ndi madeti, poti madeti sakondera. A Beatles anafika ku Hamburg mu 1960 asanatchuke n'komwe. Koma mu 1958 abale anayi a banja la Tielman, amene anachoka ku Indonesia n'kukakhala ku Breda chaka cha 1957, anali atagwedeza kale chionetsero cha Expo 58 ku Brussels, akuimba gitala ataiika kumbuyo kwa mutu. Nyimbo za anyamata ochokera ku Indonesia ngati amenewa zinapatsidwa dzina loti Indorock, ndipo zinadzaza makalabu a ku Germany. Ndiye mundiuze, mwana amene sanabadwe mungamutsanzire bwanji?

Bwerani ku Amsterdam. Bandi ya The Outsiders, yomwe woimba wake anali Wally Tax, mnyamata wobadwa mu 1948, inkajambula nyimbo zopeka yokha, za Tax ndi mnzake wa gitala Ronnie Splinter. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo zimbale zoyambirira za a Stones zinali zodzaza ndi nyimbo za anthu akuda a ku America, za Chuck Berry, za Willie Dixon. A Stones akatenga nyimbo ya munthu timati akulemekeza mizu. Mdatchi akapeka yakeyake timati ndi wotsanzira. Chilungamo chake chili pati pamenepa? Mu 1966 The Outsiders anatsegulira a Stones dansi ku Den Bosch, ndipo mu 1968 anatulutsa chimbale cha CQ, chamdima, chaukali, chomwe sichinayende malonda. Chaka chotsatira bandi inatha.

Ku The Hague kunali Q65, ndi chimbale chawo cha Revolution cha 1966. Ku Malmö kunali Namelosers, gitala yake yolira ngati macheka. Ngakhale ku Iceland, kachilumba kozizira kaja, kunali Thor's Hammer. Ku Germany kunali The Monks: inde, anali asilikali asanu a ku America amene anatsala kumeneko atamaliza usilikali, koma phokoso lawo linaphikidwa m'makalabu a ku Germany, mothandizidwa ndi mamanejala a Chijeremani. Anameta pakati pa mutu ngati amonke, anavala zakuda, zingwe m'khosi, wina akukhwapula banjo yamagetsi. Chimbale chawo cha Black Monk Time cha 1966 chimadzudzula nkhondo ya ku Vietnam poyera, ndipo kwawo ku America sichinatuluke mpaka 1997. Pezani chimbale cha a Beatles chomveka choncho, ndikudikira.

Wina ati, chabwino, koma ambiri anali ongokopera. Zoona, analipo, ochuluka ndithu. Nanga ku Liverpool kunalibe? Kusiyana kwake n'koti wokopera wa ku London anali pafupi ndi EMI, Decca, BBC ndi atolankhani olemba m'Chingelezi, pamene katswiri wa ku Amsterdam amadalira Radio Veronica, wayilesi youlutsira pa sitima panyanja. Kum'mawa zinali zovuta koposa: ku Poland anachita kuitcha big beat chifukwa mawu oti rock and roll akuluakulu a boma sankawafuna. Ku Portugal mabandi ankapasuka anyamata akaitanidwa kunkhondo ya atsamunda, ku Angola, ku Guinea ndi ku Mozambique kuno, ndipo chimbale cha Quarteto 1111 cha 1970 boma linachiletsa. Munthu woimba apolisi ali pakhomo simungamuyeze ndi sikelo ya malonda.

Wina atinso, nyimbo zake n'zaphokoso, zojambulidwa mwachangu, woimba amaphonya mawu. Eya, n'chimene ndimazikondera. Mumamva ng'oma ikuthamanga kuposa mmene anapanganirana, mumamva mnyamata amene akudziwa kuti mwina mwayi wolowa mu situdiyo ndi womwewu. Zosalala tili nazo zambiri masiku ano, kompyuta imawongola mawu a aliyense. Chikomekome cha nkuyu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti bodzali limatsatira amene ali ndi mphamvu yolemba mbiri. Nuggets, chimbale chimene Lenny Kaye anasonkhanitsa mu 1972, chinaukitsa garage rock ya ku America. A Q65 ndi The Outsiders anadikira mpaka 2001 kuti alowe mu Nuggets II. Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo. WITCH ndi Amanaz a ku Zambia ankanenedwa chimodzimodzi, ati otsanzira azungu, mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zawo. Jagari Chanda anachoka kokumba miyala n'kubwerera pa siteji, ndipo mmodzi mwa oimba naye ndi Jacco Gardner, Mdatchi. Tinadikira mlendo kuti atiuze kuti za pakhomo pathu n'zabwino.

Tsono musanatchule mawu oti wotsanzira, chitani kaye ntchito. CQ ili pa intaneti, Black Monk Time ilinso pomwepo. Gulani bandulo, valani mahedifoni, mumvetsere kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumpha. Mukadana nazo, danani nazo ndi makutu anu, tidzakangana bwinobwino. Koma za kuweruza ndi chiwerengero cha mavyuzi, chonde, musabwere nazo kuno.