Mnyamata wa ku Wimbe



Ana athu amakonda ngwazi za m'mafilimu zouluka m'mwamba. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, analibe mphamvu zotero. Njala ya 2002 itavuta, anasiya sukulu posowa fizi. Ankapitabe ku laibulale, kukayang'anitsitsa zithunzi m'buku la sayansi. Anatolera zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala ndi njinga ya bambo ake kuti apange makina amphepo. Anthu ankati wapenga, mpaka makina ake amphepo anayatsa babu.

Chinkamupatsa khama ndi njala imene anaiona pakhomo pawo. Ankafuna kupopa madzi, banja lizikolola kawiri pachaka. Analibe mphamvu zachilendo, anangokana kugonja.

Inu omvera, mukaona mwana akulumikiza mawaya, musamuthamangitse. Mufunseni akupanga chiyani.